Pampu ya petulo ya Corolla yanga yasiya kulira, ndiyambire pati?

Dalaivala wa ku Namwera analemba:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu. Ndili ndi Toyota Corolla ya 1995, ya injini ya 5A-FE, imene ndimanyamulira anthu pakati pa Mangochi boma ndi Namwera. Lachiwiri lapitali inayamba kutsamwa ndikukwera mtunda wa Chowe, kenako inazimiratu, moti anzanga anachita kundikoka mpaka kunyumba. Sitata ikuzungulira bwino, batire ndi yatsopano, mapulagi akutulutsa moto, koma ndikapotokola kiyi n'kutchera khutu pa mpando wakumbuyo, pampu sikumveka ngakhale pang'ono. Mnyamata wina wa pa galaja wandiuza kuti pampu yapsa, ndikagule ina ku Limbe. Ndalama yake ndi yochita kukongola, ndipo galimotoyi ndi imene imadyetsa ana anga, choncho ndikufuna kutsimikiza ndisanakwere basi.

Makaniko wa pa Boma anayankha:

Achimwene, ulendo wa ku Limbe muuimitse kaye. Pa galimoto zambiri pampu imalira kwa masekondi awiri kapena atatu mukangopotokola kiyi, koma Toyota zakale ngati yanuyi sizitero ayi. Pampu yake imapatsidwa magetsi pokhapokha sitata ikamazungulira kapena injini ikamalira, kudzera pa relay (kaswitchi kodzitsegula ndi kudzitseka ndi magetsi) imene imatchedwa circuit opening relay, ndiye kusaimva kwanuko sikukutanthauza kuti yafa.

Tsegulani boneti, mupeze kabokosi kakang'ono kolembedwa DIAGNOSIS. Kunsi kwa chivindikiro chake kuli chithunzi chosonyeza dzina la kabowo kalikonse. Tengani kawaya kakafupi mulumikize kabowo ka +B ndi ka FP, kenako mupotokole kiyi mpaka magetsi a pa dashibodi ayake, osaliza injini. Muonetsetse bwino zilembozo musanalowetse waya, chifukwa mukaphonya bowo mukhoza kuotcha fyuzi kapena kompyuta ya galimoto. Pampu ikalira, komanso mukamva mafuta akuyenda mu paipi, ndiye kuti ili moyo, ndipo vuto lili pa relay ija kapena pa mawaya ake. Ikakhala chete, yang'anani fyuzi ya EFI (makina othira petulo mu injini) ya 15A pamodzi ndi relay ya EFI m'bokosi la mafyuzi pafupi ndi batire. Fyuzi musaiyese ndi maso okha, chifukwa ina imaduka mochita kubisala.

Wamagetsi a galimoto wa ku Monkey Bay anayankha:

Zimene anena bambo a pa Boma ndikugwirizana nazo, ndingowonjezerapo za kumbuyo kwa galimoto. Mukachotsa mpando wakumbuyo mupeza chivindikiro, ndipo pansi pake pali pulagi ya mawaya opita ku pampu. Kawaya kaja kali chilumikizire pa +B ndi FP, kiyi mutapotokola monga poyamba paja, yezani ndi mita yoyezera magetsi ngati magetsi oyandikira mavoti 12 akufika pamenepo. Ineyo ndimakonda kuyesa ndi babu la galimoto kusiyana ndi mita, pakuti waya wodyeka ndi dzimbiri akhoza kuonetsa mavoti 12 pa mita koma n'kulephera kuyatsa babu, ndipo pampu imakoka magetsi ambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Musaiwalenso waya wa earth. Kuno kunyanja ndakumana ndi galimoto zingapo zimene zinawoloka madzi nthawi ya dzinja, ndikuzipeza pulagi yake itamera zobiriwira ngati ndere, pampu ili bwinobwino.

Ntchitoyi mugwirire panja, kutali ndi mbaula, fodya kapena kandulo, ndipo musanamasule paipi iliyonse muchotse waya wa negative pa batire. Nthunzi ya petulo sichedwa kuyaka, makamaka ndi kutentha kwathu kuno.

Mayi wa taxi wa ku Mpondasi anayankha:

Bambo, ndikufunseni: mafuta mumathira kuti, nanga thanki imakhala pati? Pampu imakhala yomira mu petulo, ndipo petuloyo ndi amene amaiziziritsa. Ife oyendetsa taxi timathira malita atatu kapena anayi, kuyenda tsiku lonse nyale ya mafuta itayaka, ndipo mafuta akasowa timagula a m'zigubu amene nthawi zina amakhala ndi mchenga kapena madzi. Yanga inayambanso ndi kutsamwa pa mtunda, ndipo titatulutsa pampu tinapeza kasefa kake katatsekeka ndi zinyalala zakuda ngati makala osinja. Ngati mutafika pogula ina, musinthe kasefako ndi fyuluta yomwe, komanso mutsukitse thanki, apo ayi yatsopanoyo idzafa imfa yomweyo.

Dalaivala wa ku Namwera anayankha:

Zikomo kwambiri nonse. M'mawa uno ndalumikiza +B ndi FP koma pampu sinalire, ngakhale fyuzi ili bwino. Nditachotsa mpando ndapeza waya mmodzi wa pa pulagi atapserera, pulasitiki yake itasungunuka m'mbali. Ndapala dzimbiri, ndamanga bwino, pampu yalira ndipo injini yadzuka. Komabe kulira kwake n'kokweza ngati njuchi, ndipo wayayo akufunda ikalira mphindi zochepa. Mayi, za zigubu mwanena zoona, mwezi wathawu ndathirako kawiri. Kodi ndingayambe kunyamula anthu, kapena nditulutse kaye pampuyo ndione kasefa kake?