Tiyese chiyani tisanalole membala kutenga boti yekha?

Woyang'anira chitetezo pakilabu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Talandira membala wokhala ndi satifiketi yoyendetsa boti la thanga ya Level 2, yochokera ku RYA, bungwe la zamaboti la ku Britain. Akufuna azitenga Laser, boti laling'ono la thanga la munthu mmodzi, mkati mwa sabata, masiku amene boti lopulumutsira silikhala pamadzi. Komiti yagawikana: ena akuti pepalalo ndi lokwanira, ena akuti ayesedwe. Nanga tikati timuyese, tiyese chiyani?

Mphunzitsi wa ku Mangochi:
Ayesedwe basi, achimwene. Level 2 ndi maphunziro a masiku awiri, ndipo imangochitira umboni kuti munthu angayendetse boti popanda mphunzitsi mkatimo mphepo ikakhala yofatsa. Pophunzirapo boti lopulumutsira limakhala pafupi. Iyeyu akupempha zina.

Yambirani pamtunda. Amange yekha thanga, inu osakhudza chingwe ngakhale chimodzi. Onani ngati watseka kabowo kotulutsira madzi kumbuyo kwa boti, ngati chiwongolero wachikoletsa kuti chisazuke, ngati daggerboard (thabwa lolowetsa m'madzi pakati pa boti kuti lisamatsetserekere chammbali) waimangirira ndi lasitiki yake, komanso ngati wamanga mfundo ya figure of eight, yooneka ngati nambala 8, kumapeto kwa chingwe cha thanga. Mlongoti wa Laser umangokhazikidwa m'dzenje lake, ndiye pafunika kachingwe kougwira, apo ayi boti likatembenuzika umasololoka.

Pamadzi ikani zoyandama zitatu ngati mafuwa, azizungulire kawiri, kuti muone tack (kukhota mutu wa boti ukudutsa kochokera mphepo) ndi gybe yomwe (kukhota mphepo ikuchokera kumbuyo). Kenako aimitse boti pambali panu, alilozetse kumphepo mpaka liime, n'kudzichotsapo yekha. Pomaliza ponyani chigubu cha malita 20 ngati munthu wagwa m'madzi, akachitole boti litaima. Chigubucho chikhale ndi madzi oposa theka, chifukwa chopanda kanthu chimathawa ndi mphepo, pomwe munthu satero.

Mayi woyendetsa boti lopulumutsira:
Zonsezo n'zoona bambo, koma pamene anthu amagwera ndi potembenuza boti. Alitembenuze kawiri mwadala. Koyamba ligone chammbali. Amasule chingwe cha thanga, azungulire kumbuyo atagwira boti kapena chingwe, akafike pa daggerboard n'kuikanikiza ndi thupi lonse. Chingwe chikakhala chokoka, thanga limatunga madzi n'kulemera, ndipo likadzuka boti limanyamuka n'kumusiya. Onaninso ngati akudziwa kumene mlongoti waloza. Ukaloza kochokera mphepo, thanga likangotuluka m'madzi mphepo imalinyamula n'kugwetsera boti mbali inayo, mwina pamutu pake. Wodziwa amayamba wakokera mutu wa boti kumphepo.

Kachiwiri livundikire kwathunthu, mlongoti uloze pansi. Apa aponde m'mphepete mwa boti, agwire nsonga ya daggerboard, atsamire kumbuyo n'kudekha, pakuti thanga limakwera pang'onopang'ono. Chitirani izi pakuya mamita osachepera 7. Pamadamu osaya mlongoti umazika m'matope, ndipo munthu akaumiriza, chigawo chapamwamba chimapindika.

Musathamangire kulemba kuti wakhoza boti likangodzuka. Dikirani akwere. Ambiri amadzutsa bwinobwino koma mikono imakhala itatha, n'kumalephera kulowa. Pakatha mphindi zisanu akadali m'madzi, sanakonzeke.

Mphunzitsi wa ku Salima:
Ine ndikutsutsako pang'ono. Mukamuyesa m'mawa nyanja ili bata, mwayesa chiyani? Chilolezo chizilembedwa ndi malire a mphepo imene wayesedwamo. Akakhoza pa mulingo wa mphepo wa Beaufort 3, kapena kuti liwiro la ma knot 7 mpaka 10, malire ake ndi omwewo. Akafuna Beaufort 4, ma knot 11 mpaka 16, pamene mafunde ambiri ayera pamwamba, abwerenso tsiku la mphepo yotero. Lembaninso thanga limene wayesedwa nalo. Lalikulu ndi ma square metre 7.06, locheperako, lotchedwa Radial, ndi 5.76. Munthu wopepuka, wosafika makilogalamu 70, lalikululo limamugonjetsa mphepo ikakula.

Mufunseni za Mwera, umene umavuta kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Gombe ngati la Chembe ku Cape Maclear limayang'ana kumpoto chakumadzulo, ndiye Mwera umachokera kumtunda. Pafupi ndi mchenga madzi amaoneka osalala, koma ukapitirira umakumana ndi mphepo yeniyeni, ndipo chikathyoka chinthu boti limatengedwa kupita pakati. Ku Senga Bay vuto ndi lina: mafunde amaswekera pagombe, choncho ayesedwe kukocheza. Akweze daggerboard ndi chiwongolero nthawi ikadalipo, atsike madzi ali m'chiuno, atembenuzire mutu wa boti kumafunde. Ndipo asaime pakati pa boti ndi gombe.

Mayi woyendetsa boti lopulumutsira:
Musaiwale jekete yoyandamitsa. Za mphamvu yoyandamitsa ya 50 N zija n'zothandiza munthu wodziwa kusambira, sizitembenuza wokomoka kuti nkhope ikhale m'mwamba, ndipo bumu, mtengo wopingasa m'munsi mwa thanga, imamenya mutu pa gybe. Asambire mamita 50 atavala, muone ngati jeketeyo sikukwera kumakutu. Mufunseninso: boti likakanika kudzuka, atani? Akati asambira kupita kumtunda, walephera, ngakhale zina zonse atakhoza. Boti limaoneka patali, mutu wa munthu ayi.

Woyang'anira chitetezo pakilabu:
Zikomo nonse. Nanga woyesa akhale ndani, ndipo chilolezocho chizitha liti?

Mphunzitsi wa ku Mangochi:
Oyesa akhale awiri, ndipo asakhale mnzake amene anamubweretsa kukilabu. Chilolezo chikhale cha chaka chimodzi, chongokhudza mtundu wa boti umene wayesedwa nawo; wokhoza pa Laser sanakhoze pa Hobie 16, yokhala ngati mabwato awiri olumikizidwa, imene kudzutsa kwake kumafuna chingwe chapadera ndi thupi lolemera. Muzibwereza kutembenuza boti mu Epulo, Mwera usanayambe. Mujambulireni malire pamapu, kutali ndi maukonde a asodzi ndi mathiriro a mitsinje kumene kumakhala mvuu ndi ng'ona. Tsiku lililonse alembe m'buku nthawi yonyamuka ndi yobwerera, atenge wenzulo ndi foni ya m'kathumba kosalowa madzi, ndipo pagombe patsale munthu wodziwa woti amuimbire nthawiyo ikapitirira ndi mphindi 30.