Mabuku a Hannah Swensen: alipo anayesako mabisiketi ake pambaula?

Amake Tadala, Kapata:
Anzanga okonda kuwerenga, ndithandizeni. Mlamu wanga wa ku Lusaka anandisiyira mabuku anayi a Joanne Fluke, aja a mayi Hannah Swensen amene ali ndi shopu ya mabisiketi m'tauni yongopeka ya Lake Eden ku Minnesota. Loyamba linatuluka mu 2000, lija loti wobweretsa mkaka apezeka ataomberedwa kuseri kwa shopu. Atatu ndamaliza ndi tochi ya foni, poti za malaiti mukuzidziwa kale. Ndi okoma, sindinama, ndipo ngakhale mwana atatola bukulo mtima sugunda. Koma chandivuta ndi ichi: munthu wafa dzulo, lero anthu ali pa khofi kumanong'onezana kuti wapha ndani. Ogona pamaliro kulibe, chopereka cha ufa ndi nkhuni kulibe. Ine nditatsegula shopu tsiku lotero, aneba angandinene mpaka Khirisimasi. China, maphikidwe ali pakati pa nkhaniwo, alipo anayesako? Anga anaphwasuka onse n'kukhala chimkate chimodzi, pansi popserera.

Aphunzitsi a ku Katete:
Amake Tadala, mabuku amtundu umenewu amalembedwa dala chomwecho. Wophedwayo amakhala ngati mwambi wa "ndagi, gize", kuti inu mufunefune yankho. Ofuna kulira amawerenga ena. Za mabisiketi, vuto ndi miyezo ya ku America. Akalemba 350, ndi Fahrenheit, pa uvuni wathu ndi cha m'ma 180. "Stick" imodzi ya batala ndi magalamu 113, theka la kapu, ndipo kapu yawo ndi pafupifupi 240 ml. Musatenge chikapu cha tiyi cha abambo. Shuga wawo wa bulauni ndi wonyowa, womatirira, wathuyu ndi wouma ngati mchenga. Ndiponso soda ndi baking powder ndi zinthu ziwiri zosiyana, musasinthanitse.

Tiyanjane wa ku Mchini:
Ine za maliro sizinandikhudze, chonditopetsa ndi Hannah mwini. Amuna awiri akumufuna, Norman dokotala wa mano ndi Mike wapolisi, buku ndi buku iye osasankha. Kuno ankhoswe akanaitanitsa kale msonkhano pansi pa mtengo wa mango! Koma amayi ake, a Delores, ndi amayi anga enieni: foni m'mamawa, nkhani yake ukwati basi. Nanga mitembo yonseyo kupezedwa ndi munthu mmodzi, apolisi osamukayikira mokwanira? Amayi, mukafika buku lachinayi mundibwerekeko loyamba, langa linatsala m'basi ya ku Lundazi.

Agogo a masikono, Saturday Market:
Chizungu cha m'mabuku sindichitha, mdzukulu wanga ndiye wandiwerengera funso lanu. Mwana wanga, pambaula zimatheka, masikono anga onse amachokera pamenepo. Tengani poto wamkulu wokhuthala, thirani mchenga wouma pansi, muutenthetse kaye, ndiye muikepo thireyi. Malasha ambiri apite pamwamba pa chivundikiro, pansi musiye ochepa okha. Inu munachulutsa moto wapansi. Kuphwasukako ndiye kuti mafuta anasungunuka musanaike pamoto. Ndi kutentha kwa Okutobala uku, kandani m'mawa dzuwa lisanakwere, mtandawo muusiye pozizira kanthawi, ndipo potalikirana timibulu musaumire. Chokoleti chikadula, kazingani nshawa za Chalimbana, mupukuse makoko, musinje pang'ono. Azungu a m'buku lanulo nshawa zotero sanazilawe.

Aphunzitsi a ku Katete:
Agogo anena zoona pa kuziziritsa mtanda. Iwe Tiyanjane, za amuna awiriwo usafulumire, mabukuwa anapitirira 20. Sindiulula.

Amake Tadala, Kapata:
Zikomo nonse. Agogo, ndayesa lero m'mawa ndi mchenga wa kumbuyo kwa nyumba ndi nshawa zija. Khumi ndi awiri atuluka bwino, anayi apserera chifukwa ndinakhala pampando ndi buku lachinayi, ndikuganiza kuti wakupha ndamugwira. Sanali iye. A Tadala adya opsererawo osadandaula. Aphunzitsi, ndamva za mwambi, koma ine mtima sunakhazikike, wobweretsa mkaka uja anali mwana wa munthu. Tiyanjane, Loweruka ndidzakhala cha ku Down Shops, bukulo ndidzalikulunga m'pulasitiki chifukwa tsamba la maphikidwe lili ndi mafuta.