Thandizeni: tigone kuti, tifike bwanji ku doko, galimoto tiisiye kuti tisanakwere sitima?

Membala wosatchula dzina:
Abale anga pagulu pano, ndithandizeni nzeru chifukwa mutu wanga sukugwira. Chaka chonse ndakhala ndikuponya m'chipereganyu cha kuntchito kuti banja lathu likakwereko sitima ya m'nyanja ya kampani ya MSC. Tilipo ine, bambo a ana, ana awiri ndi apongozi anga amene angobwera kuchokera kumudzi. Matikiti a sitima tinalipira kale. Timakhala ku Joni kuno, cha ku Rosettenville. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti sindikudziwa kuti ku doko tifikako bwanji, usiku woti mawa tikwera tigona kuti, ndipo ngati tapita pa galimoto tikaisiya kuti masiku onse tili pamadzi.

Bambo akuti tinyamuke madzulo, tiyende usiku wonse, tikangofika n'kukwera, ati hotela n'kutaya ndalama. Munthu yemweyutu mwezi watha wagula matayala atsopano anayi osandiuza, akale asanathe n'komwe. Ndiye pali mlamu wanga, mchemwali wawo wa bambo. Poyamba anati iye za madzi ayi, amaopa. Pano wamva kuti mayi ake akupita, akuti timupezere malo m'galimoto atiperekeze, pamene sanaponyepo ngakhale rand imodzi. Galimoto yathu ndi ya anthu asanu basi. Apongozi miyendo imatupa akakhala pansi nthawi yaitali, komanso anabwera ndi usipa ndi ufa woyera zimene akuti sangazisiye. Kuntchito tchuthi anandipatsa mochita kupanikiza, sindingawonjezere tsiku. Ndichite bwanji? Chonde musandinyoze, ndi koyamba.

Mayi a Mapasa:
Pepani mayi, tikuthandizani. Koma tiuzeni kaye, sitimayo ikunyamukira doko liti, tsiku liti, ndipo papepala lanu alemba kuti mufike nthawi yanji?

Dalaivala wa N3:
Funso lanjinso limenelo? Sitima ya MSC ndi Durban basi! Mayi, mverani ine, msewu umenewu ndimadyerapo. Joni mpaka Durban ndi makilomita pafupifupi 570, msewu wa N3. Ma tollgate ndi asanu: De Hoek cha ku Heidelberg, Wilge cha ku Villiers, Tugela, Mooi River ndi Mariannhill mukamalowa Durban. Konzani ndalama ya amenewo popita ndi pobwera. Koma zimene akunena amuna anuzo zoyenda usiku MUSAYEREKEZE. Pa Van Reenen, pakati pa Harrismith ndi Ladysmith, nkhungu ikatsika simuona ngakhale nyali za thiraki ili patsogolo panu. Thiraki imodzi ikagona pamenepo msewu umatsekeka maola ambiri, ndipo sitima siidikira munthu. Nyamukani dzulo lake m'mawa, dzuwa likuwala.

Namwino wa ku Pinetown:
Apo anena zoona. Ndiwonjezereko za apongozi: maola awiri aliwonse muziima, atsike ayendeyende pang'ono, amwe madzi. Ku Harrismith kuli malo abwino opumira. Mankhwala awo akhale m'chikwama cha m'manja, asalowe m'sutikesi, chifukwa masutikesi mumawapereka pakhomo ndipo amafika kuchipinda kwanu mochedwa, nthawi zina madzulo.

Mkulu wa ku Nkhata Bay:
Koma a Malawi inu! Ndalama zonsezo kukapereka kwa azungu pamene kwathu kuli Ilala? Sitima imene yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951, kuchoka ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba, kudzera ku Likoma. Ana anuwo Likoma anamuona? Tchalitchi chachikulu cha St Peter's anachiona? Muzikonda kwanu.

Dalaivala wa N3:
Akulu, mayiwa alipira kale. Za Ilala kayambitseni nkhani yanu.

Mkulu wa ku Nkhata Bay:
Ndikungonena kuti pa Ilala palibe amene amalira za poimika galimoto.

Mtsikana wa ku Umhlanga:
Ine ndingati kwerani ndege mufike dzulo lake. Kuchoka ku OR Tambo mpaka ku King Shaka ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa, apongozi sangatupe miyendo, ndipo nkhani ya poimika galimoto yatha. Bwalo la King Shaka lili kumpoto kwa mzinda, makilomita ngati 35. Mugone ku Umhlanga, ndi pakati pa bwalo la ndege ndi tauni, m'mawa muitane Uber kapena Bolt yaikulu chifukwa muli asanu ndi katundu.

Dalaivala wa N3:
Ndege anthu asanu nthawi ya tchuthi? Mukudziwa mtengo wake inu? Komanso ndege si yodalirika. Mphwanga anakwera ndege ina m'mawa wa tsiku la ukwati wa mnzake, anaichedwetsa, anafika anthu akutsuka mbale. Sutikesi yake inabwera patapita masiku. Galimoto ndi yako, umanyamuka nthawi imene wafuna, umanyamula zimene wafuna. Ine ndege ayi.

Mtsikana wa ku Umhlanga:
N'chifukwa chake ndati dzulo lake, achimwene. Muziwerenga musanayankhe.

Dalaivala wa N3:
Ndawerenga. Umhlanga wanuyo hotela zake ndi za mabwana. Munthu wa chipereganyu mukumutumiza ku Umhlanga? Agone cha ku North Beach kapena South Beach, pafupi ndi doko. Malo okwerera sitima atsopano aja, Nelson Mandela Cruise Terminal, ali ku Point, kufupi ndi uShaka Marine World. Kuchoka ku beach ndi mphindi zochepa. Amene anakwera kalekale asakusokonezeni ndi N Shed, kumeneko kunali kale.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse. Nkhani ya ndege ndinaitchulapo, bambo anakwiya, ati ndikufuna kuwaonetsa kuti galimoto yawo ndi yachabe. Mlamu uja lero wandiimbira akuti iye akhoza kuisunga galimoto ife tili pamadzi. Munthu woti chaka chatha anabwereka mbale zanga za alendo n'kubweza zitatu zosweka, osapepesa. Ndimupatse galimoto?

Mayi a Mapasa:
Mayi, doko ndi tsiku chonde.

Mayi Busa:
Mwana wanga, ine chandikhudza si sitima ayi. Mwatchula amuna anu, mlamu wanu, apongozi anu, onse mowadandaula, pagulu la anthu masauzande. Apongozi ndi mayi anu. Usipa umenewo anaunyamula chifukwa chokukondani. Khalani pansi ngati banja, mupemphere, mugwirizane. Ulendo wonyamuka mitima ili m'mwamba suyenda bwino.

Mnyamata wa ku Turffontein:
Amayi Busa, usipawo ndiye pa sitima saulola, pemphero kapena ayi. Koma mlamu mumutenge, akaime pa doko azibayibitsa ndi mpango kkkk

Namwino wa ku Pinetown:
Nthabwala pambali, mnyamatayo akunena zoona. Zakudya zakumudzi zisiyeni kunyumba, chakudya cha pa sitima chili kale m'tikiti yanu. Mowa salola kulowa nawo, ayironi ndi ketulo salolanso chifukwa choopa moto, katundu yense amadutsa m'makina. Lowani pa intaneti mumalize check-in musananyamuke, musindikize mapepala okwerera ndi timapepala tomata pa masutikesi. Mkatimo mumagula ndi khadi la sitima limene amakupatsani, ndipo mitengo ndi ya madola a ku America, ndiye ana muwachenjeze.

Bambo wa ku Mayfair:
Za galimoto ndilankhulepo ine amene zinandionekera. Ndinapita ku Durban kukachita zina, ndinagona pa nyumba ina ya alendo yotchipa. Mwini wake anandiuza kuti ndingoimika panja pa msewu, palibe vuto, mlonda alipo. M'mawa ndinapeza galasi lakumbuyo laswedwa, chikwama cha zida zanga zantchito palibe, tayala lapadera palibe. Mlonda ati sanamve kanthu. Inshuwalansi inandizunguza mpaka ndinangozisiya. Mpaka lero ngongole ya zida zija ndikubwezabe. Ndiye musanalipire malo ogona funsani ngati galimoto imagona mkati mwa mpanda, ndipo akuyankheni molemba.

Dalaivala wa N3:
Inu munalakwa nokha, munthu wanzeru saimika panja ku Durban usiku. Mayi, galimoto muisiye pa doko pomwepo, pali malo olipira oimikapo anthu okwera sitima. Mufunse za malowo nthawi ilipo, musayembekeze tsiku lomwelo. M'galimoto musasiye kanthu kooneka, ngakhale jekete. Jambulani galimoto mbali zonse musanachoke. Mlamu musamupatse makiyi. Ndanena.

Bambo wa ku Mayfair:
Ndinalakwa ine kapena anandinamiza? Muzilankhula bwino, si inu nokha mumadziwa Durban.

Dalaivala wa N3:
Ndimaidziwa kuposa inu, ndimalowa pa doko la makontena sabata ndi sabata.

Mtsikana wa ku Umhlanga:
Doko la makontena ndi kokwerera anthu ndi malo awiri osiyana, achimwene. Komanso hotela zina zimalola kusiya galimoto kwa masiku angapo pa mtengo wina, munthu n'kupita ku doko pa Uber. Afunse mitengo yonse iwiri aone chotchipa.

Mlembi wa kwa loya:
Nonse mukukangana za galimoto, koma chimene chimabweza anthu pa doko ndi mapepala. Sitima ikapita ku Portuguese Island kapena ku Pomene ndiye kuti mwatuluka mu South Africa, mwalowa Mozambique, ndipo pobwera mukulowanso. Aliyense akhale ndi pasipoti yotsala ndi miyezi 6 kapena kuposa, ana omwe. Ana muwatengere zikalata zakubadwa zoonetsa mayina a makolo onse awiri. Inu ndi bambo muone ngati ma permit anu akhale akugwirabe ntchito tsiku lobwerera. Chachikulu ndi apongozi: wa pasipoti ya Malawi akabwera kudzacheza amapatsidwa masiku 30. Tsegulani pasipoti yawo muone chidindo. Ngati masiku atha asanakwere, pa doko pomwepo akhoza kulembedwa kuti anapitirira masiku, ndipo chilango chake ndi kuletsedwa kulowa m'dziko muno chaka chimodzi kapena kuposa. Anabwera liti?

Mnyamata wa ku Turffontein:
Apa ndiye theka la gulu lino langoti zii kkkk

A Admin:
Nkhani za mapepala a anthu tisaseke nazo. Aliyense ayankhe funso la mayiwa, zonyozana ndichotsa.

Membala wosatchula dzina:
Mapepala athu ali bwino, a apongozi ndikafunsa bambo chifukwa pasipoti amasunga ndi iwo, ine sandionetsa. Koma za Mozambique sindikuzimvetsa, ife papepala alemba Walvis Bay. Ana akusangalala kuti akaona milu ya mchenga. Amayi Busa, ine apongozi ndimawakonda, ndi ine ndinawagulira tikiti, ana awo enieni sanatulutse kanthu.

Mayi a Mapasa:
Walvis Bay ndi ku Namibia, mayi! Maulendo a kumeneko kawirikawiri amanyamukira ku Cape Town. Ndi chimene ndimafunsira chija. Onani papepalapo pamene alemba doko lokwerera. Ngati ndi Cape Town, zonse za Durban zimene zanenedwa apa ziiwaleni. Sitima amakwerera ku Cape Town Cruise Terminal, ku V&A Waterfront. Bwalo la ndege lili makilomita ngati 20 kuchoka m'tauni, ndipo ndege kuchoka ku Joni ndi maola awiri. Malo ogona a ku Waterfront ndi okwera mtengo, yang'anani cha ku Foreshore, Green Point kapena Sea Point, onsewo ndi pafupi. Kumenekonso mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikalimba sitima imatha kuchedwa kulowa kapena kutuluka pa doko, ndiye ndege yobwerera musagule ya m'mawa wa tsiku lotsika, makamaka inu amene tchuthi chili chopanikiza.

Dalaivala wa N3:
Cape Town ndiye bwinonso! N1 ndimaidziwa. Bloemfontein, Colesberg, Beaufort West, Laingsburg, kenako mumalowa mu Huguenot Tunnel n'kutulukira ku Paarl. Makilomita 1,400 okha. Mugone ku Colesberg kapena ku Beaufort West, mawa lake mwafika. Matayala atsopano aja ndiye agwira ntchito, amuna anu anaona patali.

Namwino wa ku Pinetown:
Makilomita 1,400 ndi gogo wotupa miyendo, ana awiri, kutentha kwa ku Karoo, woyendetsa mmodzi? Ndiye kuti masiku awiri kupita, awiri kubwera, kugona panjira kawiri, kuwonjezapo hotela ya ku Cape Town ndi poimika galimoto. Mayiwa anena kuti tchuthi sangawonjezere. Awerengere zonsezo ndi mafuta, ayerekeze ndi matikiti asanu a ndege.

Dalaivala wa N3:
Mafuta ndiwawerengera ine. Mayi, galimoto yanu ndi ya mtundu wanji, ya petulo kapena dizilo?

Mlembi wa kwa loya:
Chidindo cha apongozi chionedwe lero, ndege kapena hotela isanalipiridwe. Namibia nakonso ndi kutuluka m'dziko.

Mkulu wa ku Nkhata Bay:
Makilomita 1,400 amenewo mukanalowera kumpoto bwenzi mutayandikira kwanu.

Mayi a Mapasa:
Ndipo tsiku lonyamuka simunatiuzebe, mayi. Ngati ndi pakati pa December, malo ogona ku Cape Town amadzaza msanga.

Membala wosatchula dzina:
Ndikaona ndikafika kunyumba, mapepala ali m'galimoto ya bambo. Mlamu uja wamva kuti mwina ndi Cape Town, pano akuti akufuna tikiti ya ndege, ati Table Mountain sanaionepo. Amene akudziwa malo ogona a zipinda ziwiri okhala ndi khitchini anditumizire ku inbox, apongozi sagona osadya nsima.