Za sitima yonyamula ndege ya m'nthano yanga ija

Sabata yatha ndinafunsa ngati zingamveke kuti asilikali apanyanja a dziko longopeka la m'nthano yanga akhale ndi sitima yonyamula ndege m'ma 1920. Ena mwa inu munati ndisayambe ndi sitima yatsopano, ndipo munanena zoona. USS Langley ya America, ya mu 1922, poyamba inkanyamula malasha, anangoikhomera denga lathyathyathya pamwamba loti ndege zizinyamukirapo ndi kuterapo. Ndatengera zomwezo.

Yanga tsopano ndi sitima yakale ya katundu, yoyenda mwaulesi, utsi wa m'chumuni ukutseka maso oyendetsa ndege akamatera. Utsiwu ndaukonda kwabasi, wandipatsa mutu wathunthu wa m'nthanoyi. Yofanana ndi Hōshō ya Japan, yomwe anaimanga dala kuti izinyamula ndege, ndaisungira adani a dziko longopekalo. Dzina la sitima yanga yakaleyi ndiye likundisowetsabe tulo.