Makumba anga akuswa ana ochepa, kodi vuto ndi mavitamini?

Alimi anzanga a nsomba, ndigawireniko nzeru. Ndimaweta makumba kuno ku Bembeke. Mu June ndi July sindidandaula, kuzizira kwa ku Dedza mukukudziwa, nsomba siziswa n'komwe. Koma pano kwafunda, zazikazi zikufungatira mazira m'kamwa bwinobwino, chonsecho ana akutuluka ochepa, ena opindika msana.

Ndimazipatsa madeya, soya wokazinga ndi manyowa a nkhuku othira m'damu kuti madzi abiriwire. Ndikukayikira chakudyachi. Vitamini E amathandiza kuti mazira ambiri aswe, pomwe kusowa kwa vitamini C kumapinditsa msana wa nsomba. Vitamini C ameneyu sachedwanso kuwonongeka chakudya chikatenthedwa kapena chikakhalitsa m'thumba.

Ndiye kodi premix (ufa wa mavitamini wosakaniza m'chakudya) wa nkhuku zoikira angagwire ntchito pa nsomba? Nkhuku zimadzipangira zokha vitamini C m'thupi, choncho ndikuopa kutaya ndalama pa chinthu chopanda chomwe ndikufuna. Amene munayesapo, mumathira wochuluka bwanji pa thumba la makilogalamu 50, ndipo mumayamba patatsala masabata angati kuti nsomba ziyambe kuswa? Nanga ufa wa masamba a cham'mwamba, alipo anaona kusintha atausakaniza ndi madeya?