Buku likunena china, seva ikuchita china: ndikhulupirire ziti?

Nabanda:
Ndimayang'anira seva ya Linux imene imasunga database ya kuntchito kwathu. Buku limene ndinkatsatira limati ukaika vm.swappiness (nambala imene imauza kernel, mtima wa Linux, mmene izigwiritsira ntchito swap) pa 0, kernel imangochepetsa kugwiritsa ntchito swap (malo a pa disk osungirako zinthu memory ikachepa), koma imathawirabe komweko zinthu zikathina. Ndinachita zomwezo, ndipo usiku wina memory itadzaza, OOM killer (mbali ya kernel imene imapha pulogalamu memory ikatha) inapha database, swap ili chikhalire, pafupifupi yosakhudzidwa. Kodi ndi nzeru kusiya mabuku n'kumawerenga code ya kernel, chonsecho C, chilankhulo chimene code imeneyo inalembedwamo, ndimangomudziwa pang'ono?

Chisale:
Mayi Nabanda, buku lanulo silinaname, langokalamba. Tanthauzo la 0 linasintha mu Linux 3.5 m'chaka cha 2012. Kuyambira pamenepo kernel imakana kusamutsira memory ya mapulogalamu ku swap mpaka malo otsala atachepetsetsa, ndipo ngati pulogalamuyo ili mu cgroup (gulu la mapulogalamu limene kernel imaliyang'anira pamodzi) yokhala ndi malire a memory, 0 imatsekeratu swap ikafika pa malirewo. Tsegulani mm/vmscan.c, mufufuze get_scan_count(). Simufunika kumvetsa fayilo yonse, chifukwa mizere yokhudza swappiness ndi yochepa ndipo ili ndi ndemanga pamwamba pake. Mabuku ambiri amanenabe kuti nambalayi imathera pa 100, pamene kuyambira 5.8 imafika 200.

Gama:
Ndikugwirizana ndi a Chisale, koma chenjezo lilipo. Code imene muwerenge ikhale ya kernel imene ikuyenda pa makina anuwo, osati yatsopano imene mwaipeza pa intaneti. Yambani ndi uname -r (lamulo losonyeza nambala ya kernel yanu), komabe nambala imeneyo payokha imasocheretsa: RHEL 7 (Linux ya kampani ya Red Hat) inakhala pa 3.10 moyo wake wonse, koma eni ake ankatenga zosintha za m'makernel atsopano n'kumaziika m'kati mwake, choncho muyenera kutenga source package ya distribution yanu. Ine ndinataya tsiku lathunthu ndikuwerenga get_scan_count(), osadziwa kuti pa makina angawo panali poyatsidwa MGLRU (dongosolo lina la kernel lopezera malo mu memory), imene inalowa mu 6.1 ndipo imadutsa njira yakeyake. Dziwaninso kuti code imakuuzani zimene zikuchitika lero, si lonjezo la mawa. Chimene anthu a kernel amalonjeza ndi kusaphwanya mapulogalamu amene amadalira ma system call. Za m'katizi amazisintha pamene afunira.

Chisale:
Zoona. Ndiwonjezere kuti git blame (lamulo losonyeza mbiri ya mzere uliwonse wa code) pa mzere umene wakuzunguzani imakufikitsani ku commit (kusintha kwa code) imene inaubweretsa, ndipo uthenga wa commit nthawi zambiri umafotokoza chifukwa chake momveka kuposa buku.

Nabanda:
Zikomo nonse. Ndapeza kuti database yathu imayenda mu container yokhala ndi malire a memory, kutanthauza kuti ili mu cgroup ngati imene a Chisale ananena. Ndaika swappiness pa 10, ndipo ndikuyesa kudzaza memory dala pa makina oyeserera ndisanakhudze seva yeniyeni.