Kamzere koyera pa MRI mu cord ya C-spine (mtsempha waukulu wa mu msana, chigawo cha m'khosi), ndi syrinx (mphako ya madzi mu cord) kapena makina akundinamiza?

WaChilomoni: Anzanga thandizeni msanga, mutu waima. Bambo a zaka za m'ma 40, dzanzi m'manja monse muwiri, abwera dzulo kuchokera ku Nsanje. Sagittal T2 (chithunzi cha cham'mbali, chomwe madzi amawala) ikuonetsa kamzere koyera, kowonda ngati ulusi, pakati penipeni pa cord kuyambira pa fupa la khosi la C3 mpaka C6. Adokotala amene anawatumiza angoona pa foni basi alemba kale syrinx, akuti apite kwa a neuro (madokotala a ubongo ndi mitsempha). Ine mtima ukukana. Matrix (kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi) inali 256 x 160, phase (mbali ya 160 imeneyo) AP, ndiye kuti kutsogolo-kumbuyo, ndinathamangitsa chifukwa panja anthu anali mbwee ndipo magetsi anali atathima kale kawiri. Axial (chithunzi chodula khosi mopingasa) ndinatenga koma ndi phala lokhalokha, bambowo ankangomeza malovu. Mawa akukwera minibasi kubwerera kwawo. Ndiwaitanenso?

MadalaAXray: Chitseko cha chipinda cha makinawo chimenecho mwana wanga. Makina a 1.5T (mphamvu ya maginito ake) amamvera pafupi ndi 64 MHz, ndi wailesi basi. Chitseko chikapanda kutsekeka bwino RF (mafunde a wailesi) ya panja imalowa, mzere n'kutuluka. Pukutani timkuwa ta m'mphepete mwa chitseko, muonenso ngati mulibe babu lophethira m'chipindamo.

SisitaWaZingwangwa: Madala pepani, zipper (mzere wa RF mukunenawo) imakhala timadontho takuda ndi toyera, imadula chithunzi chonse mpaka pa mpweya kunja kwa khosi. Achimwene, kamzere kanuko kakupindika motsata cord?

WaChilomoni: Eya asisi, kakutsata kupindika kwa khosi, kunja kulibe kanthu.

SisitaWaZingwangwa: Ndiye ndi Gibbs (timizere tabodza topangidwa ndi makina) ameneyo mpaka mutatsimikiza zina. CSF (madzi ozungulira cord) ikuwala, cord ndi yakuda, malire ake ndi akuthwa, ndiye ndi 160 yanuyo makina akulephera kuwajambula bwino, akungobwereza timizere motsatana ndi malirewo. Cord ndi yopapatiza, timizere ta kutsogolo ndi ta kumbuyo timakumana pakati, kenako n'kuoneka ngati mphako. Kwezani phase ifike 256 kapena kuposa, apo ayi tembenuzani ikhale head-foot, koma muike oversampling (kujambula mopitirira malire a chithunzi), mukaiwala chifuwa chidzakulungikira pamutu. Kamzereko kakachepa kapena kusowa, nkhani yatha. Syrinx yeniyeni sisuntha, ndipo pa axial imaoneka ngati kabowo kofanana ndi CSF, koyera pa T2, kakuda pa T1.

KoiloYaBondo: Koma samalani, mukakweza phase nthawi ikukweranso. Munthu wa khosi lowawa sangakugonereni phee mphindi zonsezo, mudzangosinthanitsa Gibbs ndi ghosting (mithunzi yobwera wodwala akamasuntha). Muwaikire kapilo pansi pa mawondo, sat band (yozimitsa mbali imene ikusuntha) kutsogolo kwa khosi, ndipo muwauze kuti ameze malovu phokoso likasiya, osati lili mkati.

MadalaAXray: Zonsezo nzabwino koma ayambe chitseko. Ine ndinavutika sabata yathunthu, injiniya anachita kuchokera ku Johannesburg, kupeza kuti ndi pulse oximeter (yoyezera mpweya pa chala) wamba imene wina analowetsa chingwe chake pa chitseko.

MaiWaLimbe: Inu mukunena zingwe. Ine mayi wina ndinamufunsa kawiri ngati ali ndi chitsulo, akuti ayi. Localiser (chithunzi choyambirira) ya ubongo kutuluka, kumbuyo konse kwa mutu bii, chithunzi chopindika ngati wachiponda. Kumasula duku, mu mesh muli tizipini tinayi. Wina anali mwana, chithumwa m'chiuno pansi pa thewera, agogo ake kukana kwamtuwagalu kuti tisachotse. Tinachita kukambirana theka la ola. Masiku ano sindifunsanso kuti "muli ndi chitsulo", ndimatchula chimodzichimodzi: mikanda, pini wa chitenje, ndalama pa mfundo, mano oikirira.

KoiloYaBondo: Amene munaonako MRI ya 0.35T ija inabwera ku Queens mu 2008 pa kafukufuku wa ana a malungo a mu ubongo mukudziwa, pa low field (maginito ochepa mphamvu) chitsulo sichiwononga chithunzi kwambiri ngati pa 1.5T. Koma musatengere pamenepo n'kumalekerera, maginito ndi maginito, silinda ya oxygen imauluka ndithu.

DokotalaWaZithunzi: Ndawerenga mochedwa. Chonde lipoti lisatuluke ndi mawu oti syrinx kuchokera pa sagittal imodzi. Munthu akangolembedwa zimenezo banja ligulitsa mbuzi kufunafuna opaleshoni. Komanso musathamangire kunena kuti ndi artifact (bodza la makina) basi n'kuwabweza, dzanzi lija lili ndi chifukwa chake, onani ma disc a C5-C6 ngati sakufinya cord. Central canal (njira yaing'ono ya pakati pa cord) yotseguka pang'ono imapezekanso mwa anthu abwinobwino. Ndipo musawapatse diazepam nokha kuti agone phee, itanani a anaesthesia ngati zafika pamenepo.

MadalaAXray: Adokotala mwanena bwino. Koma akamabwereza atseke chitseko mwamphamvu, muona.

MaiWaLimbe: Madala inu ndi chitseko! Paja pali amene ali ndi fomu ya screening (yofunsira odwala za zitsulo) ya Chichewa? Yathu ndi ya Chingerezi, odwala amangoti eya paliponse.

KoiloYaBondo: Ndinali nayo pa flash, ndiyang'ana Lolemba.